Msilikali, Mfuti Yake ndi Ife Anthu Wamba

Kodi munakumanapo ndi msilikali maso ndi maso? Mwina zinachitika pa msewu wochoka kuno ku Nzama kupita ku boma la Ntcheu. Mwina munali pa njinga, mutamanga thumba la kachewere kumbuyo. Mutangokhota, munaona galimoto yaikulu yobiriwira itaima. Pambali pake panali anyamata ovala zamawangamawanga, jombo kuphazi, mfuti paphewa. Mtima unagunda, eti? Enafe timatuluka thukuta ngakhale tisanalakwe kanthu.

Musachite manyazi, anzanga. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake, ndipo tiikamba. Koma mantha paokha sateteza munthu. Wamantha amaliyatsa liwiro pamene akanangoima n'kupereka moni. Tsono m'phunziro lino tiona m'mene msilikali amaphunzirira mfuti, makamaka uja amene amasankhidwa kukhala katswiri woombera patali. Mukadziwa zimene iye amaphunzira, mudziwanso chochita mukakumana naye, kapena mukakumana ndi zida zake.

Werengani pang'onopang'ono. Mukapeza mau ovuta, funsani mnzanu kapena aphunzitsi. Paja safunsa anadya phula.

KUMENE MANTHA ATHU ANACHOKERA

Dera lino la Ntcheu linadziwana ndi asilikali kalekale. M'chaka cha 1896 asilikali a boma la atsamunda anabwera kudzamenyana ndi Angoni. Angoni ankadalira zishango, nthungo ndi zibonga. Asilikali aja anali ndi mfuti. Anagwira Inkosi Gomani woyamba, mwana wa Chikuse, ndipo anawapha powaombera. Patangopita zaka 5, mu 1901, ansembe a chipani cha Montfort anafika ku Nzama, kwa mfumu Njobvuyalema, n'kuyambitsa mishoni. Anapeza anthu amene anali asanaiwale kulira kwa mfuti.

Mu 1902 atsamunda anakhazikitsa gulu la nkhondo lotchedwa King's African Rifles, mwachidule K.A.R. Makolo athu, potchula zilembo zitatuzi, ankangoti "Keyala". Kenaka mu 1914 kunabuka nkhondo yaikulu ya Angerezi ndi Ajeremani. Mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho inafika ku Karonga. Anthu anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Chiwaya linali dzina la mfuti ija yolavula zipolopolo motsatizana, thetheretethe, ngati chimanga chokazinga.

Amuna a dziko lino pafupifupi 19,000 anamenya nawo nkhondoyo ngati asilikali. Koma ena pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga. Taliwerengani bwino nambala limeneli. Pa msilikali m'modzi aliyense panali anthu wamba 10 osenza katundu. Ankasenza ufa, mabokosi a zipolopolo ndi mahema, ulendo wapansi, mpaka ku Tanganyika ndi ku Mozambique. Ambiri sanapite mwa kufuna kwao. Amithenga a boma akafika pamudzi, amuna ankathawira kumapiri. Ambiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, osaombedwa n'komwe.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, a Keyala a kuno anakamenya ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ku Zomba kuli chipilala chachitali chokumbukira asilikali amene anafa pa nkhondo. Obwerako anabwera ndi nyota pachifuwa ndi nkhani zosatha. Magule a malipenga, mganda ndi beni amatsanzira perete wa asilikali amenewa.

Tsiku lina lowawa ndi la 3 Malichi 1959. Ku Nkhata Bay anthu anasonkhana padoko kufuna kuti atsogoleri ao omangidwa amasulidwe. Asilikali anali ochepa, anthu anali namtindi. Asilikali aja anaombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. N'chifukwa chake pa 3 Malichi sitigwira ntchito.

Nanga nkhondo ya ku Mozambique ya 1977 mpaka 1992? Imeneyi sindichita kukuuzani. Ambiri a inu munaiona ndi maso. Frelimo ndi Renamo ankamenyana kutsidya kwa malire, ku Angonia, ndipo kulira kwa mfuti kunkamveka m'midzi ya m'malire. Anthu pafupifupi 1,000,000 anathawira m'Malawi muno. Kuno ku Ntcheu ndi ku Dedza ambiri anangokhala m'midzi pakati pa abale ao, pakuti mbali zonse ziwiri ndife amodzi. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992.

Tsono munthu amene agogo ake anali mtengatenga, ndipo iye mwini anagonapo kuthengo pothawa mfuti, angaleke bwanji kunjenjemera akaona yunifolomu?

Koma pali mbali inanso. Msilikali wa lero ndi wa Malawi Defence Force, gulu la dziko lathu lomwe. Ndi mwana wa mlongo wanu, kapena wa mnzanu wa kutsidya kwa dambo. Masiku ano ndi atsikana omwe akulowa usilikali. Pa zionetsero za 2019 ndi 2020 asilikali ankayenda pambali pa anthu, kuwateteza. Namondwe wa Freddy atagumula midzi ku Blantyre, ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Malichi 2023, asilikali anali nawo pofukula anthu m'matope. Ndipo mu Novembala 2018, ku Congo, msilikali wathu Chancy Chitete anaphedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania amene anavulala. Bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo mu 2019.

CHANDAMALE

Mau akuti "chandamale" mumawadziwa. Ndi chinthu chimene woombera amalunjikapo. Ku India kuli mau ofanana nawo, akuti "chandmari", onena za kuphunzira kuombera. Asilikali oyamba a boma la atsamunda kuno, mu 1891, anachokera ku India komweko. Ine ndiganiza kuti mauwa anatsala kuno ndi iwowo.

Asilikali athu amaphunzira usilikali ku Salima, ku sukulu yotchedwa Malawi Armed Forces College. Anyamata ambiri kumudzi amaganiza kuti ukangofika kumeneko amakupatsa mfuti n'kuyamba kuombera. Ayi ndithu. Msilikali watsopano amayamba ndi kuguba, kuthamanga ndi kumvera. Akampatsa mfuti, amayamba waphunzira kuimasula, kuipukuta, kuidzoza mafuta ndi kuimanganso. Amabwereza zimenezi mpaka manja atazolowera. Zipolopolo zimabwera pambuyo.

Asanaombere ngakhale kamodzi, amamuphunzitsa malamulo a mfuti. Mfuti iliyonse aiyese kuti ili ndi chipolopolo m'kati, ngakhale mnzake atalumbira kuti mulibe. Asaloze nayo munthu mwa masewera. Chala chisakhale pa kachitsulo koombera mpaka nthawi yoombera itakwana. Ndiponso adziwe chimene chili kuseri kwa chandamale, chifukwa chipolopolo chikaboola thabwa chimapitirira ulendo. M'magulu a nkhondo osungidwa bwino, zipolopolo zimaperekedwa mochita kuwerenga. Akamaliza kuombera amatola zikhokho zake n'kuzibweza. Wobisa chipolopolo m'thumba amalangidwa.

Nanga kuombera kwenikweniko? Tiyerekeze kuti muli pambali, mukuonerera. Msilikali wagona chafufumimba. Zigongono wazika pansi ngati mafuwa. Kumbuyo kwa mfuti wakukanikiza paphewa, tsaya lagunda mfuti. Pamwamba pa mfuti pali tizitsulo tiwiri toyang'anirapo, kena kutsogolo, kena pafupi ndi diso. Diso, tizitsulo tiwiriti ndi chandamale ziyenera kukhala pa mzere umodzi.

Tsopano taonani chifuwa chake. Munthu akamapuma, chifuwa chimakwera ndi kutsika, ndipo mfuti nayo imakwera ndi kutsika. Choncho iye amatulutsa mpweya, n'kuima kaye pang'ono. Kenaka amafinya kachitsulo kaja pang'onopang'ono, osati kukoka mwamphamvu. Mfuti ikalira sadzuka msanga. Amakhalabe chomwecho kwa kamphindi. Akagwedezeka pang'ono pokha, ngati kunenepa kwa njere ya mapira, chipolopolo chimakagwa kutali ndi pamene amafuna.

Aphunzitsi ake safunsa poyamba kuti, "Kodi walasa pakati?" Amafunsa kuti, "Kodi zipolopolo zako zagwa malo amodzi?" Ngati zipolopolo 5 zaboola thabwa moyandikana, ndiye kuti munthuyo wakhazikika. Chotsala ndi kukonza tizitsulo toyang'anirapo tija basi. Koma ngati china chapita kumwamba, china kumanzere, china m'dothi, vuto si mfuti. Vuto ndi mwini wake.

Mwaona? Phuma, mkwiyo ndi mowa ndi adani a woombera. Kamnyamata kolasa njiwa ndi legeni kamadziwa kale zimenezi.

KATSWIRI WOOMBERA PATALI

Msilikali wamba amaphunzira kulasa chandamale pa mtunda wa mamita 100, 200 kapena 300. Bwalo la mpira wa miyendo ndi lotalika pafupifupi mamita 100. Tsono mamita 300 ndi mabwalo atatu ondondozana.

Koma m'magulu a nkhondo a maiko ambiri mumakhala asilikali owerengeka amene amaphunzitsidwa mwapadera. Amenewa amalasa pa mamita 600, 800, ngakhale 1,000. Ndiwo mabwalo a mpira 10! Pa mtunda wotere munthu amaoneka ngati nyerere. Pa Chingerezi katswiri wotere amatchedwa sniper. Dzinali linachokera ku mbalame ina ya m'madambo yotchedwa snipe, imene imauluka mokhotakhota ndipo ndi yovuta kulasa. Pa Nkhondo ya Chiwaya, Ajeremani ndiwo anayamba kukhala ndi akatswiri ambiri otere, okhala ndi magalasi oonera patali pa mfuti zao. Angerezi ataona anthu ao akutha m'maenje, anatsegula sukulu yophunzitsa luso limeneli ku France mu 1916. Anaiyambitsa ndi mlenje wina dzina lake Hesketh-Prichard.

Kulowa maphunziro amenewa n'kovuta, ndipo ambiri amene amayamba samaliza. Kudziwa kuombera kokha sikukwanira. Amafuna munthu wa maso akuthwa, wa thupi lolimba, wosakwiya msanga, wosunga chinsinsi. Amafunanso munthu wodziwa masamu ndi kulemba. Inde, masamu! Tamvani chifukwa chake.

Mukaponya mwala patali, simuponya molunjika. Mumaponya chokweza, chifukwa mwala umatsika uku ukuuluka. Chipolopolo chimachita chimodzimodzi. Pa mamita 100 chimatsika pang'ono chabe. Koma pa mamita 1,000, chipolopolo cha mfuti zambiri za nkhondo chimatsika mamita oposa 10, kuposa kutalika kwa nyumba zitatu zosanjikizana. Ndiye katswiri ayenera kudziwa mtunda weniweni. Akaphonya poyeza mtunda, waphonya zonse.

Palinso mphepo. Inu a ku mapiri kuno mukuidziwa mphepo ya mwezi wa Juni ndi Julayi. Mphepo imakankha chipolopolo cham'mbali. Katswiri amayang'ana udzu, masamba, utsi ndi fumbi kuti adziwe kumene ikuchokera ndi mphamvu yake. Kutentha, kuzizira, kuombera chokwera phiri kapena chotsika, zonsezi zimasintha ulendo wa chipolopolo. N'chifukwa chake amayenda ndi kabuku. Akamaphunzira, amalemba m'kabukumo chipolopolo chilichonse: tsiku, mtunda, mphepo, ndi pamene chagwa. Cholembera chimene mwagwira inucho, iyenso amachidalira.

Kawirikawiri sayenda yekha. Amakhala awiri. Wina amagwira mfuti, mnzake amayang'ana ndi galasi lamphamvu, kuyeza mtunda ndi mphepo, n'kumanong'oneza. Amavala chovala chosokerera nsanza ndi ulusi wa ziguduli, n'kusomekamo udzu ndi masamba a pamalo pomwepo. Chovala chotere chinayamba ndi alonda a nyama za m'nkhalango ku Scotland. Pa mayeso, wophunzira amauzidwa kukwawa kudutsa tchire pamene aphunzitsi ake akumufunafuna ndi magalasi. Akamuona, walephera. Atha kutha maola angapo pa kamtunda kamene inu mungayende pa mphindi 5. Linthumbwi limuluma, dzuwa limuotcha, mvula imunyowetsa, iye ali phee.

Ndipo chodabwitsa ndi ichi. Pa masiku ambiri a ntchito yake, katswiriyu saombera konse. Ntchito yake yaikulu ndi kuona, kuwerenga, kulemba ndi kuuza akuluakulu ake pa wailesi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akuluakulu. Amaphunzitsidwa kusiyanitsa khasu ndi mfuti, mlimi ndi mdani. Malamulo a nkhondo amene maiko anagwirizana ku Geneva mu 1949, n'kuwaonjezera mu 1977, amaletsa kulunjika mfuti pa anthu wamba, pa ovulala ndi pa amene agonja. Msilikali amene waombera mayi wopita kumadzi sangadzitame kuti ndi katswiri. Ameneyo wapalamula mlandu.

Luso lotsata mapazi ndi kubisala limagwiranso ntchito pa mtendere. Ku Liwonde National Park asilikali a ku Britain anakhalapo akuphunzitsa alonda a nyama kulondola opha njovu ndi zipembere. M'modzi wa iwo, Mathew Talbot, anaphedwa ndi njovu kumeneko mu 2019.

MUKAKUMANA NAWO PANJIRA

Tibwerere ku msewu uja, inu muli pa njinga. Mwaphunzira kuti msilikali amaphunzitsidwa kuyang'ana. Kodi amayang'ana chiyani pa inu? Amayang'ana manja anu. Nkhope siombera munthu, koma manja. Amayang'ananso amene akuthawa, pakuti kwa iye wothawa ali ndi chobisa.

Choncho tsikani pa njinga. Manja akhale poonekera. Perekani moni monga mwa mwambo wathu.

"Taimani pomwepo, bambo. Mukupita kuti?"

"Zikomo, abwana. Ndikupita ku Ntcheu, kumsika."

"M'thumbamo muli chiyani?"

"Muli kachewere, abwana. Ndimasule muone?"

"Masulani. Chitupa muli nacho?"

"Chilipo m'thumba la jekete. Nditulutse?"

"Tulutsani, bambo."

Mwaona m'mene bamboyu wachitira? Asanapise dzanja m'thumba, wayamba wanena. Sanagwade, sananjenjemere, ndiponso sanachite makani. Chitupa cha unzika, chimene tinayamba kulembetsa mu 2017, n'chofunika kwambiri kwa ife a m'malire. Muziyenda nacho. Ukakhala usiku, musawalitse tochi kumaso kwao. Walitsani pansi, ndipo yankhulani kuti akumveni. Musagwire mfuti ya msilikali ngakhale mwa nthabwala, ngakhale iye ali mphwanu. Pamowa musalimbane naye. Malo a asilikali sajambulidwa popanda chilolezo. Auzeni zimenezi anyamata a mafoni aja.

Kanthu kena ndi zovala. Pa kaunjika pamapezeka mathalauza ndi zipewa zamawangamawanga zonga za asilikali. Zimakhala zolimba ndithu, ndipo mtengo wake umakopa. Koma akuluakulu a asilikali akhala akuchenjeza kuti munthu wamba asavale zotere, chifukwa akuba amazivala ponamizira usilikali. Zisiyeni pamulu pomwepo.

Tsono tisanamizane. Si msilikali aliyense amene amasunga zimene anaphunzira. M'gulu lililonse mumakhala wina woononga mbiri ya anzake. Dziwani kuti msilikali si bwalo la milandu. Malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, amaletsa kuzunza munthu kapena kumuchotsa ulemu. Ngakhale mutapezeka ndi makala osaloledwa, woweruza ndi khoti. Palibe lamulo lolola kukumenyani, kukugubuduzani m'matope, kukudumphitsani ngati chule, kapena kukulandani ndalama. Amayi ndi atsikana, palibe yunifolomu imene imapatsa mwamuna ufulu pa thupi lanu.

Zotere zikakuchitikirani, musabwezere pomwepo. Iye ali ndi mfuti, inu mulibe. Koma muli ndi chida chimene kale munalibe. Mumatha kuwerenga. Werengani nambala ya galimoto. Ngati pachifuwa pa malaya ake palembedwa dzina, liwerengeni chamumtima. Mukafika kunyumba lembani tsiku, nthawi, malo ndi maina a anthu amene anaona. Ngati mwavulala pitani kuchipatala, ndipo musunge pepala la adokotala. Kenaka kanene kwa amfumu ndi ku polisi. Mutha kukadandaulanso ku Malawi Human Rights Commission kapena kwa Ombudsman. Dandaulo lokhala ndi tsiku ndi nambala limalemera kuposa la pakamwa chabe.

Ndipo ngati mwana wanu akufuna usilikali, adikire chilengezo cha pa wailesi ndi m'nyuzipepala. Wina akabwera n'kumati, "Ndipatseni mbuzi kapena ndalama, dzina la mwana wanu lituluka," ameneyo ndi tambwali.

CHIPOLOPOLO CHIMAFIKA KUMENE DISO SILIFIKA

Liwu limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi. Chipolopolo cha mfuti ya nkhondo chimatuluka pa liwiro la mamita 700 mpaka 900 pa sekondi. Ndiye kuti chimafika kulira kwa mfuti kusanafike. Za m'mafilimu zija, zoti munthu akumva mfuti n'kuzinda, ndi bodza. Ndiponso chipolopolo chimene chaphonya sichigwa pafupi. Cha mfuti zina chimauluka makilomita 3 kapena kupitirira. Choomberedwa kumwamba chimabwerera pansi, ndipo chitha kupha mwana amene akusewera pabwalo.

N'chifukwa chake pa malo ophunzirira kuombera amakweza mbendera zofiira ndi kuika zikwangwani. Mukaona mbendera yofiira, kapena chikwangwani cholembedwa DANGER, bwererani. Musati, "Ndingodutsa msanga, nkhuni zanga zili pompo." Mbuzi ikalowa kumeneko, ilekeni. Mukamva mfuti pafupi ndi mudzi, musathamangire kukaona. Gonani pansi, kuseri kwa chulu kapena m'ngalande. Chitseko, mpanda wa udzu ndi malata sizitchinga chipolopolo.

ZOTSALA ZA NKHONDO

Nkhondo ya ku Mozambique inatha, koma zida zake sizinathe tsiku lomwelo. Mfuti zambiri za AK-47 zinakwiriridwa m'nthaka, zina zinagwa m'manja mwa akuba. Mu 1995 mipingo ya ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayamba ntchito yosinthitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Kuno kwathu, kusunga mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu waukulu.

Panalinso mabomba otchera pansi, aja ophulika munthu akaponda. Ochotsa mabombawa anagwira ntchito zaka zoposa 20. Mudabwa kumva kuti ena mwa antchitowo anali abwampini. Inde, bwampini yemweyu! Bungwe la APOPO linawaphunzitsa kununkhiza wonga, ndipo popeza ndi opepuka, bomba siliphulika akaliponda. Mu Sepitembala 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lamaliza kuchotsa mabomba m'malo onse amene ankadziwika.

Taonani mau akuti "amene ankadziwika". Msilikali wothawa sankalemba pamene wataya bomba lake la m'manja. Madzi a mvula amakokolola nthaka n'kuvundukula zimene zinabisika. Inu amene mumalima kapena kukaona abale kutsidya, phunzirani mau awiri a Chipwitikizi awa: PERIGO MINAS. Tanthauzo lake ndi lakuti, "Ngozi, pali mabomba." Chikwangwani chake chimakhala chofiira, chojambulidwa chibade cha munthu. Awerengeni mokweza kawiri, kuti maso anu awazolowere.

Bomba lakale limaoneka ngati chitsulo chachabechabe. Lina ndi lozungulira ngati chitini cha nsomba. Lina lili ngati chinanazi chaching'ono. Lina ndi lalitali, lokhala ndi zipsepse kumchira ngati nsomba. Dzimbiri silichotsa mphamvu yake. Kawirikawiri bomba ladzimbiri ndilo losachedwa kuphulika. Amene ali pangozi kwambiri ndi ana oweta ng'ombe, osula mipeni ndi makasu, ndiponso otola zitsulo zogulitsa pa sikelo. Mwana amaliyesa choseweretsa. Wosula amaliika pamoto. Wogulitsa zitsulo amalimenya ndi hamala kuti aone za m'kati. Ngakhale chipolopolo chimodzi chikaponyedwa pamoto chimaphulika, ndipo chitha kuboola diso.

Mukapeza chinthu chotere, musachigwire, musachigenda, musachikumbe. Musachinyamule n'kupita nacho ku polisi. Ena amachita zimenezi poganiza kuti akuthandiza. Bwererani poponda m'mapazi anu omwe. Chapatali ndithu, ikani chizindikiro, monga nthambi zopingasa kapena nsanza yofiira pamtengo. Chenjezani ana ndi eni minda yoyandikana nanu. Kenaka uzani amfumu, ndipo uthenga upite ku polisi. Apolisi ndi asilikali ali ndi anthu ophunzira ntchito yochotsa zimenezi.

Uthenga wa pakamwa umasintha panjira. Wachitatu kuumva adzati bomba lili kudimba, pamene lili kumunda wa kumtunda. Tsono tengani kope lanu ndi pensulo, tiyeseze kulemba kakalata kotere:

"Zikomo amfumu. Lero m'mawa ndapeza chitsulo chonga bomba m'munda mwanga wa kumtunda. Chili kumunsi kwa chulu, mapazi 20 kuchokera pa mtengo wa masuku. Ndi chachitali ngati mkono wa mwana, chadzimbiri. Sindinachigwire. Ndamanga nsanza yofiira pa mtengowo. Chonde dziwitsani apolisi."

Tsopano lembani kanu, potchula munda wanu weniweni ndi mtengo kapena mwala umene aliyense pamudzi amaudziwa. Pamwamba ikani tsiku, mwezi ndi chaka. Pamunsi lembani dzina lanu ndi la mudzi wanu. Mukatha, mpatseni mnzanu awerenge, ndipo mumufunse ngati angakafike pamalopo popanda inu kumulondolera.